Khomo Loyang'ana Kumsewu

Lusaka, 6 Ogasiti 2023

Wokondedwa mlongo wanga Vera,

Ndikhulupirira kuti kalata ino ikupezani nonse muli ndi moyo, iweyo, amayi, alamu a Kefasi, Lonjezo ndi azing'ono ake. Ife kuno tili bwino, kupatula kuti mlamu wako Natasha wayamba kundimana shuga, akuti mimba yanga yayamba kukhudza chiwongolero.

Ndabwerera ku cholembera ngati mwana wa sukulu chifukwa cha iwe. Anzako amataya ndowa m'chitsime, iwe unasankha kutayamo foni. Ndiye makalata ndizipatsira mnzanga Vincent, amene amayendetsa thiraki ya ku Lilongwe, aziwasiya pa shopu ya a Grey pa Kamwendo. Yankho uzisiya pomwepo. Ine masiku ano kampani yandiika njira ya ku Congo, ndiye kwathuko sindidutsako msanga.

Nkhani yaikulu ndi nyumba ya amayi. Zithunzi zimene a Grey ananditumizira pa foni ndaonetsa aliyense kuno, mpaka alonda a pa geti akandiona akumathawa. Malata akuwala, penti yagwira, khonde layang'ana kumsewu monga ndinanenera, kuti aliyense wodutsa azidziwa kuti aNaphiri a ku Dambe anabala mwana wamwamuna. Uwathokoze alamu chifukwa choumba ndi kuotcha njerwa zija, komanso kuyang'anira amisiri ine kulibe.

Tsono ndiuze zonse. Analowa tsiku liti? Analira? Anagona pa bedi, kapena anayala mphasa pansi monga ndikuwadziwira? Ndikufuna mawu enieni amene ananena, usandichepetsere ngakhale limodzi, chifukwa tsiku limeneli ndalilota ndili pa mizere yambiri ya m'malire.

Ngati mtedza ulipo utipatsireko. Natasha akuti nsinjiro za kuno sizinunkhira ngati za kwa apongozi ake.

Ndine mlongo wako,
Titus

Dambe, 20 Ogasiti 2023

Achimwene,

Moni wanu talandira, nafenso tili bwino. Za foni musandiseke, inagwa ndikutunga madzi omangira nyumba yanu yomweyo. Alamu a Natasha apitirize kukumanani shuga, akuchita bwino. Mtedza ndasiya kwa a Grey pamodzi ndi kalata ino, muuyeze ndi maso, chifukwa a Vincent amatafuna panjira.

Tsopano khalani pansi. Amayi sanalowe m'nyumba ija.

Tsiku limene amisiri anamaliza anapita, anazungulira nyumba yonse, anagwira makoma, anavinako pang'ono, nati Mulungu adalitse manja a Titus. Kenaka analowa m'kati, anaima pakhomo kuyang'ana kunja, n'kutuluka, n'kubwerera kukanyumba kawo kuseri kwa mango kuja. Nditafunsa anati penti ikununkha. Penti itasiya kununkha anati simenti ikuzizira, adikira nyengo yotentha. Dzulo akuti abusa adzayambe apemphererapo, chonsecho abusa anapemphera kale, ndipo woyambitsa nyimbo tsikulo anali iwo omwe. Masana amapita kukasesa ndi kukolopa, n'kutseka, n'kubwerera. Nyumba yaukhondo kuposa zonse m'mudzi muno ndi imene simugona munthu.

Chondidetsa nkhawa ndi kanyumba kakale. Mng'alu uja wa khoma la kumutu kumene amagona wakula, dzanja langa likulowa lonse. Mvula ya chaka chino kanyumbako sikaipirira.

China n'chakuti bambo a Lonjezo ayamba zodabwitsa. Akumalawira kudambo kukamweta udzu, ndipo akumba maenje, adzika mitengo pakati pa nyumba yathu ndi nyumba yatsopanoyo. Akuti akumanga mpanda. Ndikafunsa kuti wa chiyani akungoti, "Ndi mpanda basi." Mukuwadziwa alamu anu, mawu amawasunga ngati mbewu. Kuwaitana pamodzi ndi amayi kuti tikambirane sindingathe, poti chikwatiwireni ine awiriwa sanakhalepo pamphasa imodzi. Akati akumane panjira, wina amapatukira kutchire, ndipo mawu awo onse amakwera ine ngati kabaza. Zandipweteka, achimwene, chifukwa zikuoneka ngati akufuna kutilekanitsa ndi amayi.

Ndine mlongo wanu,
Vera

Lusaka, 3 Sepitembala 2023

Vera,

Moni ndipereka mwachidule chifukwa mtima wanga suli m'malo. Mtedza wafika, zikomo.

Zaka zonsezi ndakhala ndikugona m'thiraki, kudya mabanzi ndi madzi, kuti amayi asamagone modontha. Lero undiuza kuti penti ikununkha? Ndiuze zoona. Kodi akukana nyumbayo chifukwa ndinakwatira ku Zambia kuno, osatenga mkazi wa kumudzi? Natasha wawerenga kalata yako, ndipo ndikudziwa kuti akuganiza zomwezo.

Za mpanda ndiye zandikwiyitsa zedi. Malo amenewo ndi a amayi, ndipo mawa ndi ako ndi ana ako. Alamu ndimawalemekeza, koma mkamwini asamakule mwendo. Lero mpanda wa udzu, mawa adzatiuza kuti malire ndi amenewo. Uwauze kuti ndati auzule, ndi mitengo yomwe.

Amayinso uwauze izi. Ndawapatsa mpaka kutha kwa Okutobala. Akapanda kulowa, makiyi upereke kwa a Grey, akhala akundipempha malo osungiramo matumba a fetereza ndi soya. Ngati nyumba yanga siyoyenera munthu, matumba sadzadandaula za penti.

Titus

Dambe, 24 Sepitembala 2023

Achimwene,

Tili moyo. Kalata yanu ndinaiwerenga kawiri, kachiwiriko ndili kuseri kwa nkhokwe kuti ana asandione ndikulira.

Alamu a Natasha muwachotse m'nkhaniyi. Chitenje chimene anatumiza pa Khirisimasi amayi amavala ku Chigwirizano cha amayi kutchalitchi kokha, ndipo wofunsa aliyense amauzidwa kuti n'cha apongozi awo a ku Zambia. Wosafunsa amauzidwanso.

Uthenga wa mpanda ndinapereka monga munanenera, ndi mwambi womwe, poti inenso ndinali ndi mkwiyo wanga. Bambo a Lonjezo anali atatsala pang'ono kumaliza, kunangotsala kumangirira mbali imodzi. Anandiyang'ana, nati, "Alamu atero? Chabwino." Anamasula luzi lonse, anazula mitengo, anakwirira maenje. Udzu anaupereka kwa a Maliko oyandikana nafe aja kuti akafolere khola. Tsiku limenelo sanadye.

Chimene sindikumvetsa ndi ichi. Sabata imeneyo amayi anali atamanga katundu wawo. Ndinaona ndi maso anga, mabulangete m'chitenje, mbale m'dengu, Baibulo la malemu bambo pamwamba. Ndinati Mulungu wayankha. M'mawa mwake atatuluka n'kuona kuti mpanda palibe, anafunsa kuti wazula ndani. Nditawauza anangoti, "Oo." Pofika madzulo katundu yense anali atabwerera m'malo mwake.

Za Okutobala ndinawauzanso. Anati, "Nyumba ndi ya Titus, matumba akati alowe, alowe. Ine ndinathokoza kale." A Grey anabwera pa njinga yamoto kudzayeza zipinda ndi mapazi, akumwetulira ngati apeza mkazi.

Ine ndatopa. Amayi salankhula, amuna anga salankhula, inu mukulankhula mopitirira. Kandimverere anakanena za m'maluwa, achimwene, bwerani mudzaone nokha.

Vera

Lusaka, 8 Okutobala 2023

Mlongo wanga Vera,

Moni kwa nonse. Makiyi usapereke kwa a Grey. Ndayamba ndi mawu amenewa kuti ngakhale utope nayo kalatayi, ukhale utawaona.

Lachisanu abwana anandituma ndi galimoto yaing'ono kukasiya mabokosi ku nyumba ina m'tauni muno. Pamabokosipo analemba kuti osagwedeza, ndiye ndinayenda ngati ndanyamula mazira. Nditafika ndinapeza kuti ndi nyumba wamba imene kale munkakhala anthu, koma anaisandutsa malo oonetserako za kamangidwe ka nyumba. Ndi kamalo kakang'ono, zipinda zitatu basi, ndipo obwerako ndi akatswiri olemba mapulani ndi ana ophunzira ntchito imeneyo. Wosainira katundu anali atachoka, ndiye mtsikana wogwira ntchito pamenepo, dzina lake Ellen, anati ndilowe ndiziona podikira.

Vera, kuno anthu akuluakulu a ndevu zawo amasewera masanje, ndipo amalandira malipiro! Pamatebulo pali tinyumba ta matabwa ndi makatoni, tina tosaposa chibakera changa, ta madenga ovundukula ngati chivundikiro cha poto. M'makoma apachikamo mapulani ndi zithunzi. Chipinda china n'cha dothi lokhalokha, zidutswa za makoma a mdindo ngati a kanyumba ka amayi, ataziika pa mashelefu n'kuziwunikira ndi magetsi ngati golide. Ndinati akanandiuza ndikanawabweretsera thiraki yodzaza kuchokera ku Dambe. Ndinaseka mpaka Ellen anabwera kudzaona chavuta.

M'chipinda chomaliza munali mudzi wathunthu patebulo limodzi, wa cha ku Katete uko, ana a sukulu aja anakauyeza n'kudzaupanga. Nkhokwe, makola, mabafa a udzu, mitengo ya mango ya thonje lopaka utoto, zonse zilipo. Ndinati, "Anthu awa anamanga mosalongosoka, makomo ayang'ana uku ndi uku ngati nkhuku zobalalika. Ine ya amayi anga ndinailunjikitsa kumsewu." Ndinatulutsa foni kumuonetsa, monga ndimachitira ndi aliyense amene sanathawe.

Anayamikira, anati malata ndi abwino. Kenaka anati, "Ba dalaivala, zithunzi zonse izi n'za panja. Manje amayi anu akatsegula chitseko kuseni, akangodzuka, amaona ndani?"

Ndinati amaona msewu.

Anati, "Munaimapo?"

Ndinati ayi, chifukwa nyumbayo ndimaidziwa pa pulani ndi pa foni basi.

Ndiye anandigwaditsa. Ine, bambo wa mimba yanga, maondo pansi, diso pa kazenera ka kumbuyo kwa kanyumba ka katoni, kuyang'ana kunja kudzera pa khomo lake. Ukayang'ana uli chiimire, mudziwo ndi wosokonekera. Ukayang'ana ngati uli m'kati, khomo lililonse lili ndi pake. Lina likuona khola, lina likuona njira ya kuchitsime, lina analipotoza dala kuti lisaone khomo linzake, ndipo pena anaika nkhokwe pakati. Ellen anati eni mudziwo atafunsidwa chifukwa chake, ambiri sanafotokoze, ankangoseka n'kunena kuti ndi mmene zimakhalira. Anandionetsanso kakhoma ka njerwa zosanjidwa mosiya mipata, kamene mphepo imadutsa koma munthu wa kutali saona za kuseri.

Ndinayenda ndi maondo kuzungulira tebulo lonse, kanyumba ndi kanyumba, mpaka wosainira uja anandipeza choncho n'kufunsa ngati ndikupemphera. Mwina ndinkapempheradi. Ndinakumbukira mawu ako akuti amayi analowa, anaima pakhomo kuyang'ana kunja, n'kutuluka. Mawu amenewo ndinawalumpha tsiku lija chifukwa ndinkathamangira kukwiya.

Ndikupempha chinthu chimodzi. M'mawa, nthawi imene amayi amadzuka, ukalowe m'nyumbamo, utseke, kenaka utsegule ngati ndiwe iwowo, uli ndi chitenje chimodzi ndi ndowa yopita nayo kubafa. Undilembere chimene uone. Ndili nako kamene ndikuganiza, koma chaka chino ndaganiza zolakwika zokwanira, ndiye ndidikira maso ako.

Mawa ndinyamuka wa ku Congo, kumene foni yanga siigwira. Kalatayi ndaisiya m'manja mwa Vincent.

Mlongo wako,
Titus

Dambe, 29 Okutobala 2023

Achimwene,

Kodi muli moyo? Chilembereni kalata yanga ya Sepitembala sindinamve kanthu. Tsiku la msika lililonse ndikumafika pa Kamwendo, a Grey akuti a Vincent sanadutse. Ndinabwereka foni yawo kukuimbirani, nambala yanu siikupezeka. Ngati mwakwiya, kwiyani ndi mawu kuti tidziwe.

Kumwamba kwayamba kuda cha ku Zambia kwanuko, ndipo Lachitatu kunawaza. Khoma la amayi tachirikiza ndi mtengo. Anauika ndi bambo a Lonjezo, atadikira kuti amayi apite kumunda. Ndawapempha amayi kuti adzagone kwathu mvula ikayamba, ndipo momwe anandiyang'anira ndinadziwa kuti ndalankhula zopusa.

A Grey akuti ngolo ya matumba ibwera Loweruka. Mawu anu omaliza ndi amene aja, ndiye makiyi ndipereka, koma dziwani kuti ndipereka mtima ukukana.

Vera

Dambe, 5 Novembala 2023

Achimwene anga,

Kalata yanu yafika Lachisanu. Thiraki ya a Vincent inafera ku Nyimba, ndipo kalatayo inagona nawo m'galimoto masabata onsewa kudikira chitsulo. Yafika ndi chala cha girisi pakati, koma mawu onse akuwerengeka. Anaibweretsa ndi a Grey okha podzatenga makiyi, osadziwa kuti anyamula chowalanda nyumba. Ndinawauza kuti makiyi awapeza m'mawa.

Dzulo ndinachita zimene munanena. Ndinadziona chitsiru, mayi wa ana atatu kudzitsekera m'nyumba yopanda munthu ndili ndi ndowa. Kenaka ndinatsegula chitseko.

Achimwene, msewu uliko, koma uli kutali. Chimene chili pamaso pako ukatsegula ndi khonde langa, ndipo pakhondepo panali bambo a Lonjezo, ali ndi kabudula, opanda malaya, sopo kumaso, akumeta ndevu pa kagalasi kawo. Anadzutsa mutu, maso athu anakumana. Ndi amuna anga, koma ndinachita manyazi mpaka ndowa inagwa. Kuti upite kubafa kuchokera pamenepo uyenera kudutsa pamaso pawo, ndipo pobwera ndi chimodzimodzi, uli wonyowa.

Ine ndinabadwira pano, mawu a awiriwa ndimanyamula ndine tsiku lililonse, koma sindinaone. Kanyumba kakale kali kuseri kwa mango ndipo kanafulatira kwathu, ndiye ulemu wawo unkangoyenda wokha, ine osaganizako n'komwe kuti pali chimene chimauyendetsa.

Ndinapita kwa amayi, ndinati, "Amayi, bwanji osanena?" Anati, "Ndikanati chiyani? Kuti mwana wanga wamanga molakwa? Kapena kuti akamwini amene anaotcha njerwa zonsezi achoke pakhonde pawo? Pakamwa pamene pathokoza sipadandaulanso pa chinthu chomwecho." Ndinapita kwa alamu anu, iwo anati, "Nkhani ya apongozi ndikanaiyamba bwanji ine? Ndinati ndingomanga mpanda, aone okha." Ndinawapepesa ndili chigwadire, ndipo mwambi wanu uja unandibwerera kukhosi.

Ngolo ya a Grey inafika dzuwa litakwera. Ndinawawerengera mzere woyamba wa kalata yanu. Anang'ung'udza, koma nditawafotokozera anaseka mpaka kutsamira ng'ombe, akuti nawonso apongozi awo amawathawira m'chimanga. Matumba abwerera.

Vuto ndi lakuti udzu kulibe tsopano, madambo anapsa, ndipo uja uli kale pa khola la a Maliko. Mvula siidikira kuti timalize kupepesana, ndiye yankhani msanga.

Mtsikana wa tinyumbayo mukamuthokoze. Mlendo amadzadi ndi kalumo kakuthwa.

Mlongo wanu,
Vera

Lusaka, 12 Novembala 2023

Alamu anga a Kefasi,

Ndikupereka moni ndi manja awiri. Chikwatireni inu mlongo wanga sindinakulembereni kalata, ndipo ndi zamanyazi kuti yoyamba ikhale yopepesa. Munamanga mpanda wosunga ulemu wa amayi anga, ine n'kukuyesani wolanda malo. Mundikhululukire, ndipo zikomo kuti munangoti chabwino. Ndikanakhala ine, mudzi wonse ukanamva.

Dzulo ndinabwerera kwa Ellen uja pamodzi ndi Natasha, titanyamula mtedza wa kwanu womwe uja. Anadabwa, akuti chiyambireni ntchito palibe amene anamuthokozapo ndi mtedza. Natasha nayenso anagwada kusuzumira m'tinyumba, ndipo anatuluka akunena kuti khitchini yathu ya kuno ndi yolakwika, ndiye mavuto ndadziputira ndekha.

Ellen watijambulira papepala ili kasanjidwe ka njerwa ka khoma la mipata limene ndinaona kumeneko. Ngati njerwa zinatsalako, ndipo ngati inu mukuona kuti n'zotheka, liime pamene panali mpanda wanu, chifukwa malo munayeza bwino ndinu. Ngati muli ndi nzeru ina, chitani yanuyo. Zolamula ndili kutali ndasiya.

Simenti mukatenge kwa a Grey, ndalankhula nawo pa foni. Vincent ndamuuza kuti thiraki ikafanso, kalata ino ayende nayo wapansi.

Mlamu wanu,
Titus

Dambe, 26 Novembala 2023

Alamu,

Moni. Kalata ndalandira. Nkhani inatha, musaiganizirenso.

Njerwa zinalipo. Pepala la mayi uja ndinalitsata mzere ndi mzere. Poyamba ndinkaopa kuti khoma la mabowo ligwa, koma lalimba. Latalika kupitirira mutu wanga pang'ono, ndipo kumapeto ndalikhotetsa kuti libise njira ya kubafa. A Maliko anandithandiza. Anthu odutsa akumaima kufunsa ngati njerwa zinatithera.

Apongozi analowa Lachinayi. Katundu ananyamula ndi Vera ndi amayi a Chigwirizano. Ine ndinapita kudimba kuti adutse momasuka.

Kanyumba kakale ndikufuna ndikagwetse kasanagwere mbuzi, koma ndidikira mawu a eni ake.

Mvula yagwa bwino, tadzala.

Ndatha ine,
Kefasi

Dambe, 10 Disembala 2023

Mwana wanga Titus,

Ndine mayi ako. Akundilembera ndi a Esitele a ku Chigwirizano, chifukwa zina zimene ndinene pano sindikufuna Vera azimve, m'kamwa mwake simugona nkhani.

Moni kwa iwe ndi apongozi anga a Natasha. Uwauze kuti mtedza wa chaka chino ndadzala mzere wawo.

Ndili m'nyumba yako. Mvula yoyamba ya pamalata inandidzidzimutsa, ndinayesa kuti kwagwa nkhondo, koma tsopano ndimagona nayo bwino. Pa bedi ndimagonapo, usamve za anthu, mphasa ndimangoyala masana. Khoma la kanyumba kakale linagwa lokha sabata yatha, kumutu kwenikweni kumene ndinkagona. Ndinaima n'kuyang'ana dothi litaunjikana pamene ndinkaika pilo, ndipo ndinayamika Mulungu, ndinayamikanso iwe.

Vera akuti unakagwada pamaso pa tinyumba ta ana kuti uone zimene ine ndimaona. Ndinaseka, kenaka ndinalira. Ana omangira makolo awo nyumba alipo ambiri, koma wogwada pansi kuti aone ndi maso a mayi wake sindinamumvepo. Mtsikana amene anakugwaditsayo umuuze kuti ku Dambe ali ndi mayi. Akamadzadutsa adzapatuke, adzaone khoma lake.

Tsopano imva. Khoma ili lili ndi timabowo. Wa kutali saona za kuno, koma ukayandikiza diso umaona zonse za uko. Ine sindinafune kusuzumira, ndinkangosesa, diso linapita lokha. A Esitele asiye kuseka, alembe.

M'mawa uliwonse akamwini asanapite kumunda amaima pakona pa nyumba yawo, khasu paphewa, osayang'ana kuno, kungotchera khutu. Akamva tsache langa likulira pabwalo ndiye amanyamuka. Tsiku lina ndinachedwa dala kuti ndione. Anaima pomwepo mpaka dzuwa linatuluka, kenaka anatuma Vera kuti adzagogode. A Esitele akuti akamwini ankachita zomwezo kuseri kwa mango kuja kuyambira chaka chimene anamwalira bambo ako, ndipo mudzi wonse umadziwa kupatula ine.

Chikwatireni iwo Vera, ndimangowadziwa msana ndi mawu a kutali. Nkhope yawo ndaiona tsopano, pa kabowo ka njerwa. Ayamba imvi, mwana wanga, akalambira pakhomo pathu pano ine osadziwa. Ndi munthu wa maso ofatsa.

Usakawauze. Ulemu ukhale monga unalili. Ine ndizingosesa molawira kuti asamachedwe kumunda.

Ndine mayi ako,
Naphiri